Mabanja atatu, khomo limodzi: chenjerani ndi maejenti a nyumba za lendi

Ndidaonapo mavenda akulimbirana malo mumsika. Ndidaonaponso anyamata oitanira minibasi akukokerana pasenjala mmodzi pasiteji ku Limbe mpaka malaya kung'ambika. Koma mabanja atatu kulimbirana khomo limodzi, banja lililonse lili ndi lisiti m'manja, ndidaziona koyamba Loweruka pa 1 June 2024 ku Bangwe, mumzinda wa Blantyre.

Limodzi mwa mabanjawo linali la achemwali anga, omwe amagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe. Tsikulo ine ndinali pamwamba pa kalole kahayala, nditakumbatira matiresi kuti asauluke, mtima uli m'malo poganiza kuti achemwali apeza nyumba ya magetsi, madzi pakhomo, kufupi ndi msewu wa tala.

Titafika tidapeza galimoto ina itaima kale pachipata, bambo wina akutsitsa mipando. Tisanamalize n'kulonjerana komwe, kudatulukira mayi wina atasenza dengu la mbale, ana awiri pambuyo, mwamuna wake akukankha wilibala yodzadza ndi mapoto. Pachitseko panali loko wamkulu ngati wa pagolosale. Tonsefe timadikira munthu mmodzi, ejenti, yemwe adalonjeza aliyense payekhapayekha kuti pofika 8 koloko m'mawa akhala atabwera ndi makiyi.

9 koloko idakwana, 10 koloko idadutsa. Tikaimba foni yake, imangotiyankha kuti nambalayo sikupezeka. Dzuwa litafika paliwombo tidayala malisiti atatu aja pamwamba pa galimoto. Dzanja lolemba linali limodzi, nyumba imodzi, tsiku lolowera limodzi.

Achemwali adakhala pansi, padothi penipeni, ndi chitenje chawo chatsopano. Iwo adapereka K360,000 ya lendi ya miyezi itatu, K60,000 ya komishoni, ndi K5,000 yomwe mkuluyo adati ndi yoonera nyumba. Zonse pamodzi K425,000.

"Achimwene, imene yapitayi si lendi ayi, ndi mpamba wanga," adandiuza chapansipansi. Mwezi umenewo adadumphitsa kuoda belo, ndipo ndalama ina adachita kukongola ku banki m'khonde.

Apa ndiye pagona nkhani yanga kwa inu anzanga a geni. Wapantchito akapondedwa amalira, koma amadziwa kuti pakutha pa mwezi malipiro abwera. Inu a mumsika thumba ndi limodzi. Momwe mumatuluka ya lendi ndi momwemonso mumatuluka yokaodera tomato ku Ntcheu, usipa ku Mangochi kapena ndiwo zamasamba ku Bvumbwe. Ejenti akakudyetsani njomba, sadakulandeni pogona pokha, watsekanso geni yanu.

Tikugweranji m'manja mwawo?

Kunena zoona, nyumba m'tauni zavuta. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mumzinda wa Lilongwe munali anthu pafupifupi 990,000, ndipo mu Blantyre munali opitirira pang'ono 800,000. Nyumba za bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1964, n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi khwimbi limeneli. Ambirife timagona m'nyumba za anthu wamba ku Ndirande, Mbayani, Bangwe, Chirimba, Zingwangwa, kapena ku Kawale, Mchesi, Chinsapo ndi Area 25.

Kuonjezera apo, kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Simenti ndi malata zidakwera, alandilodi nawo adakweza lendi. Ku Blantyre kuno namondwe wa Freddy adakokolola nyumba zambiri ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche mu March 2023, ndipo mabanja omwe adapulumuka adalowa nawo pamzere wosaka pokhala.

Ndiye wa geni nthawi yoyendayenda aitenga kuti? Ukachoka pabenchi tsiku limodzi, makasitomala apita kwa mnzako, tomato wayamba kale kubunyika. Akuluakulu amasimba kuti kale ukafuna nyumba umangofunsa kutchalitchi, kumzikiti kapena kuchigayo. Lero wotuluka asanamasule n'makatani omwe, ejenti wadziwa kale. N'chifukwa chake sindikunena kuti tisiye maejenti, ndiponso si onse akuba. Alipo ena olongosoka, omwe akudyetsa ana awo ndi thukuta la miyendo yawo. Nkhani ndi yakuti umudziwa bwanji wolongosokayo ndalama isanatuluke m'chikwama.

Mmene adatiphikira

Achemwali adaiona nyumbayo pa chithunzi m'gulu lina la pa WhatsApp. Ejentiyo adabwera yekha kumsika, shati yoyera yopisira, nsapato zonyezimira, fayilo m'khwapa, pakamwa pali "amayi, amayi" posatha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chomwe chidawagonjetsa achemwali n'chakuti mkuluyo anali ndi makiyi enieni. Adatsegula chitseko, adawaonetsa zipinda, adayatsa getsi, adatsegula mpopi madzi n'kutuluka. Atafunsa za mwini nyumba, iye adayankha kuti, "Amayi, alandilodi ali ku Joni, zonse adasiyira ine. Kuwavutitsa pafoni sakondwa nazo."

Kenaka adaponya nyambo: "Pali anthu ena akuifuna. Mukachedwa mpaka madzulo, musadzandide." Pa zonse zimene adalankhula mkuluyo, mawu oona adali amenewa basi, chifukwa anthu enawo tidakumana nawodi pachipata.

Ndalama ina adalandira pamanja, ina adati itumizidwe pafoni. Dzina limene lidatuluka potumiza silinali lake, koma iye adati ndi la akazi ake. Lisiti adalemba m'kabuku kogula mushopu, lopanda chidindo, lopanda dzina la mwini nyumba. Achemwali atapempha makiyi, adawauza kuti adikire tsiku loyamba la mwezi chifukwa akufuna apake kaye laimu. Laimuyo sitidamuone mpaka lero.

Nayenso mwini nyumba adalira

Madzulo a tsiku lomwelo tidachita chinthu chimene tikadayenera kuchita masabata awiri m'mbuyomo: tidagogoda pakhomo loyandikana nalo. Gogo wina adatuluka, ndipo pasanathe mphindi zisanu adatipatsa nambala ya mchimwene wake wa mwini nyumba, yemwe amakhala ku Ndirande. Gogoyo adatiuzanso kuti amadabwa kuona ejenti akubwera ndi anthu osiyanasiyana sabata yonse, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene adabwera kudzafunsa.

Mwini nyumba analidi ku Johannesburg, monga mmene alili abale athu ambiri omwe akumanga kumudzi kuno ndi ndalama za ku Joni. Tidalankhula naye pa foni yoonana nkhope. Iye adati ejentiyo adamupeza pa Facebook, ndipo adauza mchimwene wake kuti amupatse makiyi kuti apeze munthu mmodzi wolowa pa K100,000 pamwezi. Kwa miyezi iwiri ejentiyo amangomuuza kuti anthu sakupezeka, akuti nyumbayo yadula.

"Achemwali, ine sindidalandireko ngakhale tambala," adatero bamboyo, akupukusa mutu. Ife timalipira K120,000 pa nyumba imene mwini wake amaitsatsa pa K100,000, ndipo ngakhale K100,000 yomweyo sidamufike.

Inu alandilodi musaganize kuti matendawa ndi a olowa okha. Pofufuza nkhaniyi ndidacheza ndi madala ena ogulitsa usipa ndi utaka, omwe adamanga mdadada wa makomo anayi ku Machinjiri ndi phindu la nsomba. Posafuna kukangana ndi anthu pa nkhani ya lendi, adaika mnyamata wina kuti azitolera. Iwo amadziwa kuti khomo lililonse ndi K50,000. Mnyamatayo amatolera K65,000.

Werengani nokha: K15,000 pa makomo anayi ndi K60,000 pamwezi. Zidayenda chomwecho kwa miyezi khumi, ndiye kuti K600,000 idalowa m'thumba la mnyamata. Zidaululikira pamaliro, pomwe mmodzi wa olowa adawakokera madalawo pambali n'kuwafunsa kuti, "Madala, mwatikwezeranso lendi denga likudontha chonchija?" Madalawo akuti adangoti kakasi. Ya malata adapereka kalekale kwa mnyamata yemweyo.

Nkhani ziwirizi zikufanana pamodzi. Konseko ejenti adaima pakati ngati chipupa, mwini nyumba mbali iyi, wolowa mbali inayo, osaonana, osamvana.

Nkhoswe sibisa mkwati

Nyumba imene achemwali akukhala pano adaipeza mu August 2024 kudzera mwa ejenti wina, bambo wachikulire yemwe adatilozera ndi atcheyamani a mumsika. Popeza ndinali nditapsa kale, ndidapempha kuti ndiyende naye tsiku lathunthu ndione mmene amagwirira ntchito. Sadakane, ndipo ichi chokha chidandiuza zambiri.

Ofesi alibe. Ali ndi njinga yakapalasa ndi kope lakuda momwe amalemba nyumba iliyonse, dzina la mwini wake, nambala yake, lendi ndi tsiku limene nyumbayo ikhale yopanda munthu. Kwawo adatilondolera yekha, ndipo tidawapeza akazi ake akuchapa. Asanatitengere kulikonse adanena komishoni yake poyera, ndipo adati adzalandira tsiku limene achemwali adzagwire makiyi m'manja.

Chidandidabwitsa n'chakuti iye ndi amene adayamba kutifunsa mafunso. Muli anthu angati? Geni yanu ndi yotani? Mumakhala kuti, ndipo mukuchokako chifukwa chiyani? Nambala ya alandilodi anu akale muli nayo? Achemwali adayamba kunyansidwa, koma bamboyo adati, "Mayi, ndikalowetsa munthu wovuta m'nyumba ya mwini, mawa palibe adzandipatse nyumba. Dzina langa ndiye mpamba wanga."

Tsiku lolipira adatikhazika pakhonde pamodzi ndi mayi mwini nyumba. Ndalama ya lendi sadaigwire n'komwe. Nditamufunsa chifukwa chake, adaseka.

"Mwana wanga, ejenti ali ngati nkhoswe. Kodi udaonapo ankhoswe akukaniza akuchimuna kuonana ndi akuchikazi? Ntchito yanga ndi kukumanitsa anthu. Lendi si yanga, ndiigwiriranji?"

Mawu amenewa ndi amene ndikufuna mupite nawo kunyumba. Ejenti wokhulupirika amafulumira kukukumanitsani ndi mwini nyumba. Wakuba amafulumira kulandira ndalama, ndipo zifukwa zoti musaonane sizimuthera: ali ku Joni, ali kuchipatala, ndi bwana wamkulu sakonda kusokonezedwa.

Inu ofuna nyumba

Choyamba, dziwani kumene ejentiyo amagona kapena kumene amapezeka tsiku ndi tsiku. Nambala ya foni si mudzi, imatayidwa m'ngalande tsiku lililonse. Funsani atcheyamani a msika, amfumu kapena abuloko lida ngati akumudziwa. Funsaninso wa geni mnzanu amene adapezapo nyumba kudzera mwa iye.

Chachiwiri, pemphani kuona chiphaso chake cha unzika. Chiyambire kalembera wa ziphaso wa 2017, munthu wamkulu wochita malonda ndi anthu alibe chifukwa chomveka chobisira chiphaso. Dzina la pachiphaso lifanane ndi la palisiti, lifananenso ndi limene likutuluka pafoni potumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Zikasiyana, bwezerani foni m'thumba.

Chachitatu, mukaiona nyumba ndi ejenti, bwereraninso nokha iye palibe. Gogodani kwa oyandikana nawo. Mwini wake ndani? Adatulukamo adachokeranji? Madzi amatuluka masiku angati pasabata? Mvula ikagwa pamakhala bwanji? Kodi njira yopita kusiteji imayendeka 4 koloko m'mawa muli ndi ndalama zokaodera? Ejenti sagona kumeneko, koma oyandikana nawo amagona kumeneko.

Chachinayi, onanani ndi mwini nyumba maso ndi maso. Ngati alidi kutali, masiku ano foni imaonetsa nkhope. Lankhulani naye muli pakhomo pomwepo, atchule yekha lendi, ndipo atchulenso m'bale wake wa konkuno amene oyandikana nawo akumudziwa. Makiyi okha si umboni. Ifetu makiyi tidawaona.

Chachisanu, gwirizanani za komishoni musanayambe ulendo. Samalaninso ndi ndalama yoonera nyumba. Alipo ena omwe geni yawo ndi yomweyo basi: amakuzunguzani m'nyumba zoti muli kale anthu, mwalipira yoonera, minibasi mwawalipirira, madzulo akuti tiyesenso mawa.

Chachisanu ndi chimodzi, ndalama uku, makiyi uku. Belo la kaunjika timagula losatsegula, inde, koma timatuluka nalo mushopu. Palibe amene amalipira belo n'kuuzidwa kuti adzalitenge pakatha masabata awiri kwa munthu wosadziwika kwawo. Ngati mwini nyumba akufuna ya chikole kuti akusungireni, perekani yochepa, m'manja mwa iye mwini, pamaso pa mboni.

Pomaliza, lemberanani. Sizilira loya ayi, pepala la m'kope ndi lokwanira. Palembedwe maina, lendi, tsiku lolipira, dipoziti ndi mmene idzabwezedwere, notisi ya miyezi ingati, komanso amene azikonza zikaonongeka. Lembani nambala ya mita ya Escom, ndipo onani bilu yomaliza ya madzi kuti musalowe m'ngongole ya amene adatuluka. Ngati mita ndi yogawana ndi makomo ena, zidziwike kuti mayunitsi mumasonkha bwanji. Asayine mwini nyumba, inu, ejenti ndi mboni ziwiri, ndipo aliyense akhale ndi pepala lake.

Inu eni nyumba

Musanapereke nyumba yanu kwa ejenti, mufunseni kuti akupatseni maina a alandilodi awiri kapena atatu amene amawagwirira ntchito, ndipo muwaimbire. Wolongosoka amanyadira kutero.

Nenani momveka ntchito imene mukumupatsa. Kupeza wolowa ndi ntchito ina, kutolera lendi mwezi ndi mwezi ndi ntchito inanso, ndipo iliyonse ili ndi malipiro ake. Ngati n'kotheka, lendi izibwera molunjika pafoni yanu kapena ku akaunti yanu ya kubanki. Ngati ejenti ndi amene azitolera, wolowa aliyense amve kuchokera pakamwa panu kuti lendi ndi zingati, ndipo akhale ndi nambala yanu.

Makiyi asagone kwa ejenti. Asungidwe ndi inu kapena m'bale wanu, azikatsegula pakabwera woona nyumba. Zikalata za puloti ndiye musayerekeze n'komwe kuzipereka. Kubwereketsa nyumba sikulira zikalata, ndipo amene akuzifuna ali ndi maganizo ena.

Chenjeraninso ndi ejenti amene amangobwera kudzakunong'onezani kuti, "Bwana, nyumba iyi mukuipereka motchipa, tulutsani ameneyu ndikupezereni wa ndalama." Iyeyo amadya pamene munthu watuluka wina n'kulowa. Wolowa wokhulupirika akakhala zaka zisanu, ejenti wotere sapindula kanthu, koma inu ndi amene mumapindula. Ndipo ngakhale geni itakupanikizani bwanji, pitani mukaione nyumba yanu kamodzikamodzi.

Nanga lamulo likuti bwanji?

M'tauni muli makampani a zanyumba okhala ndi maofesi ndi zikwangwani. Ambiri amayendetsa mashopu ndi nyumba zikuluzikulu za ku Namiwawa, Sunnyside ndi Nyambadwe, kapena Area 10 ndi Area 43 ku Lilongwe. Ngati geni yakula ndipo mukufuna shopu m'tauni, yambani kumeneko, ndipo musachite manyazi kupempha kuona chiphaso chawo. Mu 2024 aphungu a Nyumba ya Malamulo adavomereza lamulo la Real Estate Management, lofuna kulongosola ntchito ya maejenti a nyumba ndi malo.

Kutenga ndalama za munthu mwachinyengo ndi mlandu malinga ndi gawo 319 la Penal Code, choncho mukapondedwa kadandauleni kupolisi, musangolirira m'chitenje. Ife tidapita, mabanja onse atatu, ndipo madandaulo athu adalembedwa. Koma atatifunsa dzina lenileni la munthuyo, kwawo ndi kumene amagona, tidangoyang'anana. Chimene tinali nacho ndi dzina la palisiti, lomwe lidapezeka kuti ndi lopeka. Lamulo lilipo, koma silidzabwera kudzaima nanu pachipata tsiku lopereka ndalama.

Nyumba ya ku Bangwe ija mwini wake adaipereka kwa banja la wilibala lija, chifukwa iwo analibiretu kobwerera, ndipo tonse tidavomereza. Achemwali ndi ana awo awiri adadzapanikizana nane m'kachipinda kanga ku Ndirande kwa miyezi iwiri, katundu ali mulu mpaka kudenga. Ngongole ya banki m'khonde adaimaliza mu December 2024. Miyezi yonseyo pabenchi pawo padali zovala zochita kupatsidwa ndi anzawo kuti agulitse agawane phindu, mayi woti kale amatsegula belo lakelake.

Masiku ano wa geni mnzawo akanena kuti wapeza nyumba kudzera mwa ejenti, achemwali safunsa za zipinda kapena za magetsi. Amangofunsa kuti, "Asisi, mwini wake mwamuona?"

Nanunso funsani funso lomweli, ndipo mulifunse ndalama idakali m'chikwama. Ejenti akayankha kuti tiyeni tikawaone pompano, yendani naye. Akayamba chibwibwi, kukanda m'mutu ndi kuloza ku Joni, gwiritsitsani chikwama chanu mubwerere kubenchi. Paja akulu adati safunsa adadya phula, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.